Ola la Pensulo Nalonso ndi Pangano

Munthu wogwira ntchito ya patikiti m'dziko muno ali ndi mabwana angapo, ngakhale kuti womulipira pakutha pa mwezi ndi mmodzi yekha. Pali ntchito yeniyeniyo, imene imadya usana wake wonse ndi kunyambitako madzulo. Pali anthu: abale, anansi, a kumpingo ndi anzake a kuntchito, amene mwambo udawapatsa ufulu wakuodira pakhomo pake nthawi ina iliyonse. Mabwana awiriwa ali ndi mawu okweza, ndipo aliyense ali ndi chilango chake kwa wosamvera. Koma pali bwana winanso wofatsa, ndiye kanthu kaja kamene mtima wa munthu umakonda popanda womutuma, kaya ndi kuimba gitala, kuluka, kuweta nkhunda kapena kujambula zithunzi ndi pensulo. Ameneyu ukamunyalanyaza sakuitanira kubwalo. Amangofota mwakachetechete ngati chimanga cha pansi pa mtengo, ndipo pofika zaka makumi anayi munthu amangoti, "Kale ndinkajambula ine."

Ine ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Phalombe, kufupi ndi mpata wa Fort Lister, ndipo kanthu kanga ndi pensulo. Sindine katswiri, sindidagulitsepo chithunzi, ndipo ku yunivesite ndidakaphunzira zina, osati luso limeneli. Chimene ndifuna kuika pamaso pa awerengi a tsamba lino n'chakuti ola limene munthu wapatula kuti ajambule nalonso ndi pangano. Limalemera chimodzimodzi ndi pangano lokakumana ndi alamu ako pa Migowi, ndipo munthu ali ndi ufulu wakuyankha womuitana kuti, "Pepani, nthawi imeneyo ndili ndi pangano kale," popanda kunama ndiponso popanda manyazi. Ndidziwa kuti ena amva ngati mwano. Ndiwapempha aleze mtima mpaka nditafotokoza.

Ambiri amati mdani wa zokonda za munthu ndi ntchito. Ine sindivomereza kwenikweni. Inde, uphunzitsi ndi wolemetsa. Kalasi limodzi likalemba chimangirizo, makope ake ndi mtolo wofuna njinga, ndipo onsewo afunika kuchongedwa lisanafike Lolemba. Pali masikimu, pali sabata yoyang'anira sukulu, pali masewero, pali makalasi a masana, ndipo mayeso a MSCE akayandikira mphunzitsi wa Fomu 4 amaiwala ngakhale kumeta. Komatu ntchito ili ndi ubwino umodzi: ili ndi belu. Imayamba pa nthawi yodziwika, imatha pa nthawi yodziwika, ndipo teremu ikatha imakupumitsa. Munthu angathe kuipimira monga apimira ufa wa mwezi. Chimene chilibe belu ndi macheza, ndipo nkhani yagona pamenepo.

Ndisanapite patali ndisiyanitse zinthu, chifukwa apa m'posavuta kundimva molakwa. Maliro sali m'gulu la zimene ndikunena, matenda a mnansi salimonso. Uthenga wa zovuta ukafika, pensulo igone, ngakhale chithunzi chitatsala mzere umodzi. Akuluakulu adati maliro n'kulirana, ndipo mphunzitsi, amene kawirikawiri amakhala mlendo m'mudzi wa eni, ayenera kumvetsa mawuwa kuposa wina aliyense. Ife a kuno tidaona m'mwezi wa Marichi chaka cha 2023, pamene namondwe wa Freddy adagumula mapiri ndi kukokolola midzi ku Phalombe ndi ku Mulanje, kuti oyamba kufika ndi makasu pamene pagwa tsoka ndi anthu a makomo oyandikana nawo. Misewu ndi milatho ikaduka, thandizo la kutali limatenga masiku. Munthu amene angasinthanitse anansi otere ndi kope la zithunzi ndi wopusa, ndipo ine sindimuikira kumbuyo.

Koma tiyeni tiwerenge moona mtima masiku a Loweruka a munthu wa patikiti. Ndi angati pa chaka amene amathera ku maliro? Alipo, koma si ochuluka monga timanenera. Ochuluka amathera ku zina. Ukwati umodzi masiku ano umabala komiti, komiti imabala misonkhano, ndipo ukwatiwo usanafike pali chinkhoswe, pali phwando la amayi lolangiza mkwatibwi, pali lina lomutsanzika, lililonse ndi perekaniperekani wake. Msonkhano wolengezedwa kuti uyamba 1 koloko umayamba dzuwa litapendeka, ndipo wofika pa nthawi yake ndiye amalangidwa, pakuti amakhala pabenchi maola awiri akuyang'ana nkhuku za eni khomo. Zimene amakambirana m'maola atatu zikadatha m'mphindi makumi atatu, chifukwa mfundo yake ndi imodzi: aliyense asonkhe zingati, ndipo afike nazo liti. Onjezanipo banki m'khonde, mpira wa ku England pa kanema wa pamsika, ndi uthenga uja wa pa WhatsApp wosanena chifukwa, wongoti, "Aphunzitsi, tapezekani kuno mwachangu."

Zonsezi si zoipa. Ukwati ndimaukonda, ndipo bawo ndimasewera. Chovuta n'chakuti pakati pathu nthawi ya munthu imene ilibe dzina lodziwika imatengedwa ngati dambo la mudzi, m'mene aliyense angadyetsemo mbuzi zake. Tamverani m'mene timayankhulira. Munthu akafunsidwa kuti, "Mawa mutani?" nayankha kuti, "Ndipita kumunda kukapalira," wofunsayo amangoti, "Chabwino, tidzaonana mukaweruka." Akati, "Ndichonga makope," amamumvera chisoni. Koma akati, "Ndijambula," yankho limabwera msanga: "Basi ndiye kuti muli ndi mpata, tiyeni mutiperekeze." Kujambula sikuwerengedwa ngati chochita. Zotsatira zake n'zakuti ojambula ambiri amene ndiwadziwa adaphunzira kunama. Amabisala kuseri kwa makope amene adachonga kale, kapena kunamizira mutu. Bodza lotere limaoneka laling'ono, koma limaphunzitsa mwini wake kuti chimene amakonda ndi chamanyazi, ndipo chinthu chimene munthu achita nacho manyazi sachedwa kuchitaya.

Pali funso lina limene limapweteka koposa, chifukwa wofunsayo amafunsa mwachikondi: "Nanga mupezapo chiyani?" Funsoli sindilipeputsa. Malipiro a mphunzitsi amatha mwezi usanathe, feteleza adakwera mtengo, ndipo mnzako amene Loweruka lake amayenda m'midzi kugula nandolo kapena mpendadzuwa kuti akagulitse ku Limbe, kapena amene adagula njinga yamoto ya kabaza, ali ndi chooneka chimene angaloze. Choncho abwenzi amalangiza kuti luso lisagone: lembani zikwangwani za magolosale, jambulani mitu pa khoma la ometa tsitsi, jambulani akwati pokopera chithunzi cha m'foni, ndipo muzilipiritsa. Amene amachita zimenezi sindiwadzudzula. Ndi ntchito yolemekezeka, ndipo ena a iwo ali ndi dzanja loposa langa kutalitali. Koma tizindikire chimene chachitika. Tsiku limene mwini golosale wapereka ndalama yoyamba ndi kunena kuti afuna botolo likhale lofiira pofika Lachisanu, bwana wofatsa uja wachoka, ndipo pampando pake pakhala bwana wa ntchito wachiwiri. Munthu uja wapeza ganyu, koma kupuma kwake kwatha.

Ndipo funsoli sitifunsa onse. Palibe amafunsa woimba kwaya, amene amapita kokonzekera nyimbo kawiri pa sabata, kuti apezapo chiyani. Palibe amafunsa akuluakulu a pabawo. Ovina tchopa, gule wa Alhomwe amene bungwe la UNESCO lidamulemba m'kaundula wake wa chikhalidwe m'chaka cha 2014, adavina zaka zambirimbiri osaganiza kuti wina wa kunja adzawatamanda. Amayi amene amazira nyumba ndi kulemba maluwa pakhoma ndi dothi lofiira, loyera ndi lakuda nyengo ya chilimwe sadikira malipiro, ngakhale adziwa kuti mvula ikabwera idzafufuta zonse. Tsono si zoona kuti Amalawi salemekeza luso lopanda ndalama. Timalilemekeza likamachitika pagulu. Amene timamukayikira ndi munthu wokhala yekha chete, maso papepala. Timati ndi wonyada, kapena wodzikonda, kapena sukulu idamuzunguza mutu, ndipo wina amaponyapo mwambi wakuti kali kokha n'kanyama.

Mwambiwo ndi woona, koma ukunena za munthu wosafuna anzake, osati wokhala yekha maola awiri pa sabata. Mlenje amapita yekha, msodzi wa pa Chilwa amapalasa yekha bwato lake, ndipo mayi woumba mbiya safuna womusokoneza dongo likadali lofewa. Onsewo madzulo amabwerera kwa anthu, ndipo palibe amawatcha nyama. Pali ntchito zina zimene mwachibadwa sizitheka pakati pa phokoso. Ndingawonjezere kuti munthu amene sapeza mpata wokhala yekha amafika pa macheza ali wouma, thupi lili pabenchi koma mtima uli kwina, chala chili pa foni. Kukhalapo kotere sindiona kuti kukulemekeza eni khomo.

Mwina wina anena kuti, "Chabwino, apume, koma bwanji kujambula, osangogona?" Poyankha, ndiloleni ndikutengereni ku malo amene ndimakonda kukhalako ndi kope langa. Fort Lister ndi mpata umene uli pakati pa phiri la Mulanje ndi phiri la Michesi. Kale mpatawu udali njira ya amalonda a akapolo, amene ankadutsa ndi anthu ogwidwa kumka nawo ku gombe la nyanja ya mchere, cha ku Quelimane. M'chaka cha 1893 boma la atsamunda lidamangapo linga la asilikali kuti litseke njirayo, nalitcha dzina la Sir Villiers Lister, mkulu wina wa ku ofesi yoona za maiko akunja ku London. Lero patsala mabwinja, ndi manda a Gilbert Stevenson, amene adafera pomwepo akugwira ntchito ya boma. Ameneyu adali msuweni wa mlembi wotchuka Robert Louis Stevenson. Mumpata momwemo ndi m'mene okwera phiri amayambira njira yopita ku Sombani.

Amene ankalamulira dziko lino pamene lingali linkamangidwa adali Harry Johnston, ndipo chimene ambiri sadziwa n'chakuti mkuluyu adali wojambula. Asanalowe ntchito ya boma adaphunzira kupenta ku Royal Academy ku London. Pakati pa 1891 ndi 1896 adali ndi nkhondo zomenya, misonkho yokhazikitsa, milandu ya malo ndi makalata osatha opita kwawo, komabe sadasiye pensulo ndi burashi. Buku lake la British Central Africa, lotuluka m'chaka cha 1897, lili ndi zithunzi zambiri za dzanja lake. Sindikumutchula kuti timukonde. Zikalata zimene adavomereza nazo kuti malo aakulu a chigawo chino akhale a Azungu zidasiya bala limene ku Mulanje ndi ku Thyolo silidapolebe. Ndikumutchula chifukwa ngati munthu wosenza dziko lonse adapeza ola la pensulo, mawu akuti "ndatanganidwa" sakwanira pa okha. Ndiponso, popeza iye ndiye adajambula, aliyense wofuna kuona m'mene dziko lathu linkaonekera zaka zimenezo amaona ndi diso lake: zimene iye adasankha, ndi m'mene iye adawaonera makolo athu. Anthu amene adadutsa mumpatawu ndi goli m'khosi, ndi eni midzi ya m'munsi mwake, sadasiye pepala ngakhale limodzi.

Komatu kujambula sikudabwere ndi Azungu. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a mapanga ndi matanthwe okhala ndi zithunzi, zina zofiira za Akafula, zina zoyera za Achewa zokhudza chinamwali ndi nyau, ndipo m'chaka cha 2006 UNESCO idalemba malowa kukhala chuma cha dziko lonse lapansi. Zoona, zithunzi zimenezo zidali za mwambo, osati zongosangalatsa mtima. Komabe amene adazijambula nawonso adali ndi chakudya chofunafuna, ana olera ndi maliro olira, ndipo anzawo adawapatsa mpata wokhala pathanthwe ndi utoto wawo.

Dera lathu likusintha pamaso pathu mofulumira kuposa m'mene tikuganizira. M'mwezi wa Marichi 1991 napolo adatsika m'phiri la Michesi ndi miyala ikuluikulu, napha anthu mazanamazana ndi kukwirira nyumba ndi minda. Mu 2023 mapiri adang'ambikanso, nasiya zipsera zooneka munthu ali kutali. Mkungudza wa pa Mulanje, umene Alexander Whyte adatengako zitsanzo zake mu 1891 ndipo boma lidaulengeza kukhala mtengo wa fuko mu 1984, udadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu, ndipo tsopano anthu akuyesa kuubzalanso. Mu 2025 phiri la Mulanje nalo lidalowa m'kaundula wa UNESCO. Alendo adzabwera ndi makamera awo aakulu, ndipo n'zabwino. Koma mlendo amabwera tsiku limodzi. Amene angaone kuti mtengo wa pa chitunda icho udalipo chaka chatha ndipo chaka chino palibe ndi munthu wokhala konkuno, woyang'ana malo omwewo mobwerezabwereza.

Apa achinyamata andiuza kuti foni ilipo, imajambula m'kuphethira kwa diso, ndipo siilakwitsa. Zoona, ndipo inenso ndili nayo. Chichewa chathu chimagwiritsa mawu amodzi, kujambula, pa zonse ziwiri, koma ndi ntchito zosiyana. Foni imaona m'malo mwako, pamene pensulo imakukakamiza kuona wekha. Munthu angathe kukhala zaka khumi patsinde pa Michesi, zithunzi zake zili mbwee m'foni, koma mutamupatsa pepala kuti alembe m'mene msana wa phirilo wayendera kuchokera kumanzere kumka kumanja, angakulembereni chulu. Ukakhala ola lathunthu ukutsata mzere umenewo ndi pensulo, umayamba kudziwa pamene pali chigwembe chimene madzi amatsikira, pamene nkhalango yathera, pamene minda yakwera kuposa chaka chatha, ndi mwala umene wangoti tsonga pamwamba pa nyumba za anthu. Sindikuti pensulo ingaletse napolo. Ndikuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'moyo wa munthu wa patikiti mwatsala zinthu zochepa zophunzitsa kudekha.

Ntchito nayo imapindula, ngakhale sindifuna kuti ichi chikhale chifukwa chachikulu, kuopa kuti bwana wa ntchito angatengenso ola lija naliyesa lake. M'sukulu zambiri za kumidzi buku limodzi amagawana ana angapo, ndipo chimene mphunzitsi walemba ndi choko pabolodi ndicho chithunzi chokha chimene mwana adzaone cha mtima wa munthu, cha duwa lodulidwa pakati kapena cha mapu a chigwa cha Shire. Mphunzitsi wa dzanja lozolowera amachita m'mphindi ziwiri chimene mnzake amafufuta kasanu. Koma phindu lenileni ndi lina. Munthu amene sabata iliyonse amalimbana ndi chinthu chomukanika, monga zala za munthu kapena mwendo wa mbuzi, amakumbukira m'mene kusadziwa kumawawira. Lolemba akaima patsogolo pa mwana amene wamufotokozera katatu osamva, mawu ake amakhala ena.

Ndiponso ana amaona. Ku pulayimale amaphunzira zaluso m'phunziro la Expressive Arts, ndipo pafupifupi mwana aliyense amajambula: galimoto, nyumba, wosewera mpira, pansi ndi chala ngati pepala palibe. Akafika ku sekondale ambiri amaleka popanda wowaletsa, chifukwa sadaonepo munthu wamkulu wolemekezeka akuchita zimenezo. Amayesa kuti kujambula kuli ngati galimoto ya mawaya, choseweretsa chimene munthu amasiya akakula. Amene adakula akuwerenga Malawi News akumbukira Pewani wa Brian Hara, ndi anyamata aja ankaphunzira kugwira pensulo pokopera nkhope imeneyo kumapeto kwa kope la masamu. Ku Mua, malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976 adaphunzitsa osema ndi ojambula ambiri. Koma Mua ndi kutali ndi Nkhulambe. Kwa mwana wa kuno, umboni woti munthu angavale tayi mkati mwa sabata nakhala pamwala ndi pensulo Loweruka ndi mphunzitsi wake, namwino kapena mlangizi wa zaulimi amene sabisa.

Ku France kudali munthu wina dzina lake Henri Rousseau, amene ankagwira ntchito yotolera msonkho wa katundu wolowa mumzinda wa Paris, napenta pa nthawi yake yopuma, luso lodziphunzitsa yekha. Olemba m'manyuzipepala ankamuseka. Adasiya ntchitoyo mu 1893, chaka chomwe linga lathu linkamangidwa, ndipo lero zithunzi zake za nkhalango, zimene adapenta asadapondepo m'nkhalango yotero, zili m'nyumba zazikulu zosungiramo zaluso. Nkhani zotere zimakoma, koma ine ndimaziopa. Zimachititsa anthu kuganiza kuti ola la pensulo ndi lovomerezeka pokhapokha ngati kumapeto kwake kuli kutchuka. Ambiri a ife makope athu adzadyedwa ndi chiswe, kapena adzukulu adzakulungira mtedza pamsika. Zimenezo sizichotsa kanthu pa ola lija, monganso kwaya ya kumudzi siichepa chifukwa chakuti siidamvekepo pa wailesi.

Pali chotsutsa chimodzi chimene ndimachiona kuti n'cholemera kuposa zonse, ndipo chimachokera m'nyumba. Ola limene bambo wakhala pamwala ndi kope lake silidagwe kuchokera kumwamba. Nthawi yomweyo wina akutunga madzi, akuchapa mayunifomu, akusambitsa ana ndi kulandira alendo aja amene bamboyo wawazemba. Mphunzitsi wamkazi amene ali ndi makope ochuluka ngati anga, ndipo mwina ali ndi dzanja loposa langa, alibe Loweruka lotero. Pa maliro ndiye amagona kusiwa ndi kuphika, pa ukwati ndiye ali ku mapoto. Tikamanena za ufulu wa ola lathu osaona ichi, tikungotula katundu wa pamutu pathu ndi kumusenzetsa mnzathu. Choncho pangano la pensulo liyambe kukambidwa ndi a kunyumba, ndipo likhale losinthana: maola awiri anga m'mawa, maola awiri awo masana, ine ndili ndi ana ndi mbaula, iwo ali ku chimene mtima wawo ufuna, ngakhale kutakhala kugona. Mwamuna amene sangavomere gawo lachiwirili asatchule za luso. Umenewo ndi ulesi wovala jekete.

Za kachitidwe kake ndinena mwachidule, poti nyumba iliyonse ili ndi mayendedwe ake. Ine ndidasankha Loweruka m'mamawa, kuyambira kukangocha mpaka cha m'ma 8 koloko, chifukwa nthawi imeneyo alendo amakhala asanayambe kuyenda, ndipo kuwala kumagwera phiri cham'mbali, zigwembe zonse n'kuonekera. Nthawiyo ili ndi dzina ndipo anthu aidziwa. Wondiitana ndimamuuza zoona, ndi kumupatsa nthawi ina pomwepo: "Alamu, m'mawa sindipezeka, koma 10 koloko ndili pakhomo panu." Ndaona kuti anthu sakwiya kwenikweni ndi kukanidwa; chimene chimawakwiyitsa ndi kuwalonjeza kenaka osaoneka. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada, ndipo munthu wovomera kuitana kunayi kwa tsiku limodzi amakhumudwitsa onse anayi. Ku komiti ya ukwati ndimapereka gawo langa msanga, ndi kupempha ntchito imodzi yodziwika, monga kulemba makadi kapena kusunga kaundula wa ndalama, m'malo mwa kupezeka pa misonkhano isanu. Tsiku la ukwati ndimavina nawo mpaka fumbi koboo.

Kakope kakang'ono m'thumba la malaya kamapulumutsa maola odikira aja. Pabenchi ya komiti, pa siteji ya minibasi, pamzere wa kubanki, sipasowa chojambula: nkhuku, njinga yotsamira mtengo, mayi wosenza mtolo wa nzimbe. Koma pali malire a ulemu. Munthu wamkulu sajambulidwa nkhope asanapemphedwe, pakuti ena amakayikira kumene chithunzi chawo chipite, ndipo ali ndi ufulu wokayikira. Pa maliro kope silituluka m'thumba. Ndipo mayeso akayandikira, pangano la pensulo limadikira monga mapangano ena onse. Ana a eni ayamba athandizidwa. Chofunika n'chakuti mayeso akatha libwerere pamalo pake Loweruka loyamba lomwelo, chifukwa masabata atatu odumpha sachedwa kusanduka chaka.

Mtengo wake ulipo, ndipo sindiubisa. Ena adzanenabe kuti aphunzitsi aja ndi onyada. Nkhani zina za pabawo zidzakupita, ndipo tsiku lina udzamva mochedwa za malo ogulitsa otsika mtengo amene anzako adauzana iwe uli kuphiri. Aliyense adziyese yekha ngati angapirire. Koma kwa apampando a makomiti, a mipingo ndi a mabanki m'khonde ndili ndi pempho: msonkhano wa 2 koloko uziyamba 2 koloko, ndipo nthawi yothera izinenedweratu. Maola amene timataya pa chaka podikirana ndi okwanira kuti kalaliki aphunzire gitala, namwino aluke majuzi a ana ake onse, mphunzitsi adzaze makope atatu, popanda mmodzi wa iwo kujomba ku maliro ngakhale amodzi.

Kwa wofuna kuyamba, zida sizidula. Pensulo ya HB imene ana amalembera ikwanira, ndipo ya 2B, yofewa, yopakira mithunzi, imapezeka m'masitolo a mabuku ku Limbe ndi ku Blantyre. Khala la pa mbaula nalo limalemba bwino pa pepala lokhakhala la thumba la simenti. Nyengo ndiyo yofunika kuidziwa. M'miyezi ya dzinja phiri limabisala m'mitambo, ndipo mitsinje ya mumpata si yosewera nayo. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chimaphimba zonse, zala n'kuuma ndi chisanu. Kuyambira Seputembala utsi wa moto wa tchire umafufuta mizere yonse, Michesi n'kusanduka mthunzi wotuwa. Miyezi yabwino ndi Epulo ndi Meyi, mvula itangoleka, kunja kuli mbee, madzi akadali kuyera pa matanthwe. Kenaka Ogasiti, mphepo ikakankha nkhungu. Miyezi yotsalayo munthu ajambule za pakhomo: mphika, nkhokwe, dzanja lake lamanzere, kapena mwana ali m'tulo, poti ndi nthawi yokhayo imene amakhala chete.